Wapansi, pa minibasi kapena pa kabaza: kuona Blantyre kuchokera ku Mishoni mpaka ku Chichiri

Munthu amene akufuna kuudziwa mzinda wa Blantyre, osati kungodutsamo pothamangira ntchito, ali ndi njira zitatu zimene thumba la anthu ambiri lingakwanitse: kuyenda wapansi, kukwera minibasi, kapena kukwera kabaza wa njinga yamoto. Ndaziyesa zonse pa ulendo umodzi womwewo, woyambira ku Mishoni, kudzera m'tauni, n'kukathera ku Chichiri, ndipo ndaona kuti palibe imodzi imene imakwanira ulendo wonsewo payokha.

Kuyenda wapansi ndiko kumapambana m'chigawo chakale cha mzindawu, chifukwa zinthu zoti munthu aone zili pafupipafupi ndipo zambiri zabisika kuseri kwa mipanda ndi mitengo. Ku Mishoni, kumene amishonale a ku Scotland anakhazikika m'chaka cha 1876, kuli tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa pakati pa 1888 ndi 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, munthu yemwe sanaphunzire zomangamanga, ndipo njerwa zake zinaumbidwa ndi kuwotchedwa ndi anthu a konkuno. Kukongola kwa tchalitchichi kuli m'kayalidwe ka njerwazo, kotero kuti amene wachiona ali pa galimoto sanachione. Pamafunika kuchizungulira pang'onopang'ono, n'kumayang'ana khoma lililonse palokha. Kuchoka pamenepo munthu amatsetserekera m'tauni, n'kuyenda mu Victoria Avenue, kenaka n'kudutsa cha kumsika kupita ku Mandala House, nyumba yosanja ya mu 1882 ya kampani ya African Lakes. Dzina lakuti Mandala linali la John Moir, mmodzi wa abale awiri amene ankayendetsa kampaniyo, ndipo anthu anamupatsa dzinalo chifukwa cha magalasi amene ankavala. M'chipinda cham'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, imene woyenda mofulumira sangaidziwe n'komwe.

Komabe Blantyre ndi mzinda wa zitunda, ndipo mapazi amadziwa zimenezi msanga. M'mwezi wa Okutobala dzuwa limatopetsa nthawi isanakwane 10 koloko m'mawa, nyengo ya dzinja ngalande zimasefukira, ndipo m'malo ambiri njira ya oyenda pansi yadzaza ndi ogulitsa malonda kapena galimoto zoimikidwa, zimene zimamukankhira munthu mumsewu. Kukada sindingamulimbikitse mlendo kuyenda yekha.

Minibasi imayamba kukhala yanzeru pamene munthu wafika pa msewu waukulu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Blantyre ndi Limbe, matauni awiri amene anaphatikizidwa m'chaka cha 1956. Maminibasi a ku Limbe amapezeka nthawi iliyonse masana, amadutsa pa Ginnery Corner pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, pa sukulu ya ukachenjede imene ambiri akuitchulabe Poly ngakhale tsopano ndi MUBAS, mpaka ku Chichiri, ndipo mtengo wake ndi wotsika kuposa wa kabaza. Pamtunda uwu wapansi sapindula zambiri kupatula utsi ndi phokoso. Vuto la minibasi n'lakuti nthawi si ya wokwera: pa siteji siinyamuka isanadzaze, oitanira amalonjeza kuti watsala munthu mmodzi pamene mipando theka ilibe anthu, ndipo mtengo umakwera madzulo, mvula ikagwa, kapena mafuta akasowa. Ndi bwino kufunsa mtengo musanakwere ndiponso kukhala ndi ndalama zing'onozing'ono, chifukwa kondakitala saiwala kutolera koma chenje amachedwa nacho. Woona malo azidziwanso kuti amene wakhala pakati pa mpando wakumbuyo saona kanthu kunja, ndipo ngati sakudziwa pamene atsikire ayenera kumuuziratu kondakitala. Chimene minibasi imapereka, chomwe njira zinazo zilibe, ndi macheza: nkhani za Bullets ndi Wanderers, mitengo ya ufa, ndi madandaulo a madzi, zonse zimamveka mmenemo.

Kabaza wa njinga yamoto ndiye wachangu, amalowa pamene minibasi siifika ndipo sadikira kudzaza. Kwa munthu wochedwa ku ntchito ndi wothandiza, koma kwa woyendera malo ndimamuika kumapeto, popeza maso amakhala pa galimoto zimene mukuzilambalala m'malo mwa nyumba ndi mapiri, ndipo oyendetsa ambiri alibe chipewa chodzitetezera choti abwereke wokwera. Ndimamukwera pokhapokha ngati ndikupita kumene kulibe siteji pafupi.

Ku Chichiri munthu ayenera kutsikanso n'kubwerera ku mapazi, chifukwa nyumba yosungiramo zinthu zakale, khoti lalikulu, ofesi za khonsolo ya mzinda ndi bwalo la Kamuzu Stadium zili moyandikana. Panja pa nyumba ya zinthu zakaleyo pali mainjini akale oyendera nthunzi amene ana amawakonda kwambiri, ndipo kuchokera m'derali phiri la Ndirande ndi la Soche amaoneka bwino. Tsiku limene kuli mpira waukulu, konzekerani kubwerera masewero asanathe, chifukwa anthu akangotuluka m'bwalomo mpando wa minibasi umakhala wolimbirana.