Boxer 150 ilibe mlandu, mlandu uli ndi amene anandimangira

Nyenyezi ziwiri ndachotsazi poyamikira njinga yamotoyi ndachotsera sitolo ina ya ku Lilongwe komwe ndinaigula. Mtengo wa Boxer masiku ano mukuudziwa nonse, ndipo ine ndinalipira kamodzi, popanda ngongole. Njingazi zimabwera m'mabokosi, anyamata a pasitolo ndi amene amamanga mawilo, chiwongolero ndi zina. Ntchito yawo ndi yomweyo basi, koma anailephera.

Mwezi usanathe ndinanyamula mayi anga aakulu kupita nawo ku Mua kukazonda wodwala. Aliyense amene anatsikapo Khwekhwelere kulowera ku Golomoti akudziwa makhotakhota ake ndi phedi lomwe lili m'mbali. Tili pakati pa mtsetse ndinamva kumbuyo kukugwedera, kenako tcheni chinalira khweee n'kugwa. Ndinakhwekhweretsa mapazi mpaka njinga inaima cha m'thengo, nsapato imodzi kuthothoka soli. Mayi anatsika mwakachetechete, n'kumanga chitenje bwinobwino, amvekere: "Mwana wanga, kwatsalako ndiyenda wapansi, ku Mua ndikufuna ndikafike ngati wozonda." Ndinakankha njinga mpaka ndinapeza makaniko wapansi pa mtengo. Mkuluyo sanagwire n'komwe sipanala. Anapotokola nati ya ekiselo yakumbuyo ndi zala ziwiri ine ndikuona, n'kundiyang'ana. "Achimwene, wakumangirani ndani?" Manati okokera tcheni nawonso anali lendelende.

Nditabwerera kusitolo ndi lisiti, mnyamata amene anandisekerera tsiku logula uja sanadzutse maso pa foni. "Bwana, anthu a kumudzi mumanyamula katundu wambiri, ndiye waranti sikhudza tcheni." Katundu wake uti? Mayi okalamba ndi kathumba ka ufa? Ndinapempha kuonana ndi abwana awo, akuti ali ku msonkhano. Msonkhanowo mpaka lero sunathe.

Koma njingayo payokha, chilungamo chake, a Bajaj a ku Pune ku India anaiganizira misewu ngati yathu. Kuno ku Dedza kukazizira mu June imalira ndi kiki imodzi kapena ziwiri, osachita kuikankha. Injini yake ndi yaing'ono, sikwana n'komwe 150cc yeniyeni, koma imakwera chitunda itanyamula anthu awiri osadandaula. Thanki ya malita 11 ndikadzadza ndimaiwala za pa filing'i siteshoni, ndipo nthawi ya mizere ya mafuta ija zimenezi zinandipulumutsa. Mpando ndi wautali, masipuling'i akumbuyo amameza mabampu a msewu wafumbi, keliyala yolimba. Mabuleki ndi a dalamu kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye pa mtsetse wautali tsikani pa giya yaing'ono, musadalire phazi lokha. Sipeya zake ngakhale pa tiredi senta mumazipeza, chifukwa akabaza ambiri akuyendera yomweyi. Mlamu wanga ali ndi TVS HLX, nayonso ya ku India, ndipo timakangana Loweruka lililonse kuti yolimba ndi iti.

Pa sevisi yoyamba ndinapitanso komweko monyinyirika, poopa kutaya waranti. Kuseri kwa sitolo ndinakumana ndi bambo wina wachikulire, wa ovolosi yothimbirira ndi oyilo. Atamva nkhani yanga anangopukusa mutu, n'kuyendera nati iliyonse ndi sipanala ine ndili pomwepo, anasintha oyilo, anakoka tcheni, pomaliza anati, "Pepani bambo, ana awa amathamangira kumanga zambiri pa tsiku." Chifukwa cha bambo ameneyo sindinena kuti musakagule kumeneko. Koma tsiku lokatenga njinga mupite ndi makaniko wanu, aigwire nati iliyonse musanatuluke pa geti. Chipewa chomwe a kusitolo analonjeza kuti ndi cha ulere sanandipatsebe.