Mkhalapakati wa Ndodo ndi Mkhalapakati Wodekha

Mu Novembala 1995, Richard Holbrooke wa ku America anasonkhanitsa atsogoleri a Bosnia, Croatia ndi Serbia pabwalo la ndege zankhondo ku Dayton, ku America komweko, kuti athetse nkhondo ya ku Bosnia. M'masiku 21 okha anagwirizana. Zinatheka msanga chifukwa ndege za NATO, mgwirizano wa zankhondo womwe America ili mmenemo, zinali zitaphulitsa kale malo a asilikali a Aserbu a ku Bosnia, ndipo aliyense ankadziwa kuti mkhalapakatiyu ali ndi ndodo m'manja. Mfuti zinaleka kulira, koma mpaka lero Bosnia ndi yogawika pawiri.

Ku Rome zinali zina. A gulu la Akatolika la Sant'Egidio analibe msilikali ngakhale mmodzi. Anali ndi nyumba yakale ya masisitere, matebulo ndi kuleza mtima basi. Nthumwi za boma la Frelimo la ku Mozambique ndi za Renamo, gulu lomwe linkamenyana ndi bomalo, zinayamba kukumana kumeneko mu Julaye 1990, n'kumakangana, kubwerera kwawo, kubweranso, uku anthu ku Mozambique akufabe. Kuchedwa kumeneko kumandiwawa mumtima ndikakuganizira. Komabe pa 4 Okutobala 1992 Pulezidenti Joaquim Chissano ndi mtsogoleri wa Renamo Afonso Dhlakama anasaina pangano lomwe eni nkhondowo analiumba okha, ndipo mu 1994 Renamo inapikisana nawo pachisankho ngati chipani.

Ine mtima wanga uli kwa a ku Rome, ngakhale ndikudziwa kuti Sarajevo, likulu la Bosnia, yomwe inazingidwa kuyambira 1992, sikanatha kudikira zaka zina ziwiri.