Batire ya 40 kWh mu Leaf yakale: nyenyezi zitatu basi

Galaja yomwe inandisinthira batire ndikuipatsa nyenyezi zitatu, ndipo yachitatuyo ndi ya mnyamata wa ma sipanala, osati mayi wa pa kauntala.

Leaf yanga, galimoto yamagetsi ya Nissan, ndi ya 2013, batire yake inali ya 24 kWh, ndipo pa mizere 12 ya thanzi la batire inali itatsala 8. Ntchito ya care mukuidziwa, kutuluka nyumba iyi kulowa ina, kunja kukuzizira heater ili pamwamba. Pofika masana ndinkakhala ndikusakasaka chaja ya CHAdeMO, mtundu wa pulagi yolowa mu Leaf yanga, yomwe ikunka nisowa poti aliyense wathamangira mtundu wina wotchedwa CCS. Ndiye ndinatulutsa mapaundi omwe a galaja ankafuna, osachotsera olo kakobiri, kuti andiikire 40 kWh yochokera mu Leaf ya 2018 yomwe inachita ngozi.

Tsiku lokatenga ndinalowa msewu waukulu wa M62 kuno ku England, ulendo wa ku Leeds kwa achemwali, dashibodi ikulonjeza mamailosi ambirimbiri. Pokwera chitunda cha Windy Hill, mvula ili waa, malole uku ndi uku, nambala ija inangoti psiti, kenako kachizindikiro ka kafulu kanayaka pa dashibodi. A Leaf anzanga mukukadziwa kafulu: kakayaka, ponda ponda galimoto yosayankha. Ndinakwawira pambali pa msewu manja ali njenjenje, lole ikadutsa galimoto yonse kugwedezeka. Kuimba ku galaja, mayi uja akuti mwina ndimathamanga kwambiri, mwina ndi heater. Pepani wake sindinamumve. Galimoto yotuluka m'manja mwawo tsiku lomwelo, wolakwa ndikhale ine? Yokoka ndinalipira ndekha.

Ndinabwerera nditakonzeka kuyambana nawo, koma mnyamatayo anandiziziritsa mtima. Analumikiza LeafSpy, app yoonera thanzi la batire, n'kundionetsa pa foni kuti ma cell onse ali bwinobwino. Vuto linali pulagi ya CAN bridge, kabokosi kothandiza galimoto yakale kumvana ndi batire yatsopano; sinalowe mpaka kumapeto. Anaikankha mpaka kuti kwa, n'kumanga ndi cable tie ine ndikuona. Anapopanso matayala, nandiuza kuti ndizitenthetsa m'kati galimoto ikadali pa chaja, potsetsereka ndiziika giya pa B kuti magetsi azibwerera mu batire, komanso ndisamatchaje pa rapid, chaja yachangu, motsatizana poti batire ya Leaf ngati yangayi ilibe madzi oiziziritsa.

Kunena zoona, pano shifiti yonse ndimamaliza osatchaja, heater ili mkati, ndipo chitunda chija ndikukwera bwinobwino. Batireyo ndi yabwino. Mukapita, muwauze akuonetseni LeafSpy ndi pulagi ija musanatulutse khadi. Ndalama yanga ya yokoka mayi uja akuti bwana akuionabe.