Mamailosi a ndege anandipusitsa zaka zitatu

Nyenyezi ziwiri pa zisanu. Ndipo imodzi mwa ziwirizo ndi ya mayi wina wa pakauntala, osati ya pulogalamu ya mamailosi ya kampani ya ndege yomwe ndinkakwera, mapointi aja amakupatsa ukayenda ulendo kuti udzagulire tikiti.

Ndimakhala ku Leeds, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, kwathu ndi ku Dedza. Amene mumayenda njira imeneyi mukudziwa kale kuti palibe ndege yonyamuka ku London n'kukatera pa Kamuzu osaima pena. Umadzera ku Addis Ababa, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Kampani yake sinditchula, chifukwa nditafunsa anzanga okwera makampani enawo ndapeza kuti kulira kwathu n'kumodzi.

Amene anandikopa ndi mnyamata wa pa ofesi yawo yogulitsira matikiti. Anandionetsa mitengo iwiri ya ndege imodzi, tsiku limodzi, mpando womwewo wa ekonomi. Wotchipa anati ndipeza kota chabe ya mamailosi a ulendowo, wodulayo ndipeza onse. Kusiyana kwake kunali £190. Zimatengera chilembo chomwe chili pa tikiti yako, chimene iwo amati booking class. Anthu awiri mutha kukhala mogundana mapewa, kudya mpunga womwewo, wina n'kulemberedwa mamailosi onse, wina kota, wina osapeza kalikonse. Ulendo wa London kupita ku Lilongwe n'kubwerera ndi mamailosi opitirira 10,000. Mnyamatayo anati, "Auntie, maulendo anayi okha, wachisanu mupita ulere." Liwu loti ulere ndi lomwe linandigwetsa.

Ndinayendadi maulendo anayi m'zaka zitatu, ndipo ulendo uliwonse ndinkasankha tikiti yodulayo. Mwamuna wanga ankandiseka kuti ndikuweta nkhuku yosaikira mazira. Ine ndinkangomuyankha kuti adikire.

Ndiye kunabwera ukwati wa mng'ono wanga, mu Disembala. Ndinati tsiku lija lafika. Pakuwerengera kwanga ndinali ndi mamailosi opitirira 40,000, okwanira tikiti yopita yokha, yobwerera ndigule ndi ndalama. Nditatsegula akaunti ndinapeza muli 31,000 ndi kakangachepe. Ndinaganiza kuti intaneti yasokonekera. Ndinatseka, n'kutsegulanso, koma nambala inali yomweyo.

Ndinaimba foni. Kudikira kokha kunatenga mphindi 50, kanyimbo kamodzimodzi kakungozungulira m'khutu, ine ndili pa nthawi yopuma kuntchito, tiyi kuzizira. Atayankha, bambo wake analankhula ngati ndamudzutsa kutulo. Anati mamailosi a ulendo wanga woyamba anatha mphamvu milungu isanu yapitayo, chifukwa amakhala zaka zitatu zokha. Ndinafunsa kuti bwanji sanandichenjeze. Anati zinalembedwa m'malamulo omwe ndinavomereza polembetsa. Anthu awa amanditumizira imelo pafupifupi sabata iliyonse, za mahotela, za kubwereka galimoto, za mafuta onunkhira ogulitsa m'ndege, koma ya kundiuza kuti mamailosi anga akuwola sindinaione. Kenako, osachita nazo manyazi, anati ngati ndikufuna angathe kuwabwezeretsa ndikalipira. Ndigulenso chinthu chomwe ndinagula kale!

Ndinaugwira mtima. Ndinati chabwino, tiyerekeze kuti ndalipira, mundipatse mpando wa pa 18 Disembala. Ndinamva akugogoda kompyuta. Palibe. Pa 17? Palibe. Sabata yonseyo? Palibe, mpaka pakati pa Januwale. Pamene ankanena zimenezo ine ndinali ndikuyang'ana pa webusaiti yawo yomwe, mipando ya pa 18 Disembala ili mbwee, yogulitsa ndi ndalama. Apa ndi pomwe anandifotokozera, monyinyirika, kuti mipando yogula ndi mamailosi amaika yochepa pa ndege iliyonse, ndipo nyengo ya Khirisimasi imatha miyezi yambiri tsikulo lisanafike. Nanga ife timapita liti kumudzi? Si Disembala ndi Ogasiti, ana akatsekera sukulu? Ndiye kuti nthawi imene munthu ukuwafuna mamailosiwo ndi imene sagwira ntchito.

Chomaliza chinandiseketsa m'malo mondikwiyitsa. Ndinafunsa kuti mpando ukanapezeka ndikanalipira zingati. Anati mamailosi amachotsa mtengo wa tikiti wokha, koma misonkho ndi ndalama zina zomwe kampani imaonjezera ndi zanga. Yonyamukira ku Britain kuno ilinso ndi msonkho wa boma, Air Passenger Duty, womwe ndi wokwera pa maulendo ataliatali. Zonse pamodzi zinkapitirira £250, ulendo wopita wokha. Ulere uja ndi umenewo. Chikomekome cha mkuyu.

Usiku umenewo ndinakhala pansi ndi cholembera, zomwe ndikanachita zaka zitatu m'mbuyomo. £190 kuchulukitsa kanayi ndi £760. Imeneyo ndi ndalama yoyandikira tikiti yathunthu, kupita ndi kubwera, nyengo yomwe anthu sayenda kwambiri. Pa ulendo uliwonse ndalama yoonjezerayo inkandipatsa mamailosi ena osafika 8,000 pamwamba pa omwe tikiti yotchipa ikanandipatsa. Ndiye kuti mailosi imodzi ndinkaigula pa mapeni awiri ndi theka kapena kuchepera pang'ono. Tsono kampani yomweyo imagulitsa mamailosi poyera, ndipo ikatsitsa mitengo amatchipa kuposa pamenepo. Ndikanangosunga ndalamazo mu banki, sizikanatha mphamvu, ndipo palibe akanandiuza kuti mu Disembala sizigwira ntchito.

Za khadi ya siliva kapena ya golide, ija amati umalowa mu lounge (chipinda chapadera chodikiriramo ndege), umakwera ndege poyamba ndipo amakuonjezera chikwama, iwalani ngati mumayenda kamodzi kapena kawiri pachaka. Mamailosi okwezera khadi amawerengedwa paokha, m'chaka chimodzi, ndipo chaka chikatha umayambiranso. Ine sindinafikepo. Mlamu wanga amene amayenda mwezi ndi mwezi pa ntchito ya bungwe, tikiti akulipira ndi abwana, iyeyo ndiye amadyerera. Ndamvanso kwa anzanga a British Airways kuti kuyambira 2023 mamailosi awo, otchedwa ma Avios, amawerengera ndalama yomwe walipira, osati kutalika kwa ulendo, monga makampani akuluakulu a ku America anayambira kale. Masewera ake ndi a anthu a matikiti a bizinesi, osati ife a zikwama za zovala za abale.

Koma ndisaname, pali pomwe tikiti yodulayo inandipulumutsa, ndipo si pa mamailosi. Pa ulendo wachitatu, nditatsala masiku awiri kuti ndibwerere, bambo anga anagonekedwa m'chipatala. Ndinapita ku bwalo la ndege mutu utaima, ndikudziwa kuti ndalama za m'thumba zatha. Mayi wa pakauntala uja anayang'ana tikiti yanga n'kunena kuti, "Amayi, musadandaule, yanuyi imasinthika ulere." Anandisunthira masiku khumi, osalipira ngakhale tambala, n'kundiuza kuti ndikawapatse moni odwala. Mnzanga wina wa ku Bradford zofananazo zitamuchitikira ndi tikiti yotchipa, analipira chindapusa chosinthira kuphatikizapo kusiyana kwa mtengo. Choncho ngati muli ndi makolo okalamba kumudzi, kapena simukudziwa bwino tsiku lobwerera, yang'anani malamulo osinthira tsiku ndi kuchuluka kwa katundu, chifukwa matikiti ena otchipitsitsa salola zikwama ziwiri za makilogalamu 23 zomwe tinazolowera. Pa zifukwa zimenezo kuonjezera ndalama kuli ndi nzeru. Zimenezi mnyamata wa pa ofesi uja sanazitchule n'komwe, iye anali pa mamailosi basi.

Kulembetsa mu pulogalamuyo sikulipiritsa, ndiye lembetsani, nambala yanu muziika pa tikiti iliyonse, zomwe zalowa zalowa. Mukagula kwa ejenti funsani chilembo cha tikitiyo, ndipo timapepala tokwerera ndege musataye mpaka mutaona kuti mamailosi alowa.

Ku ukwati ndinapita, pa tikiti yogula ndi ndalama, yotchipa kuposa onse omwe ndinapeza, ya kampani ina. Mamailosi 31,000 aja ndinawonongako ena mu Epulo, kulipirira chikwama chachitatu cha mwamuna wanga, chomwe munali nsapato za ana a achimwene ndi mapoto a amayi. Ena mwa otsalawo akutha mphamvu mu Ogasiti, ndipo tsikulo ndalilemba pa kalendala ya kukhitchini, pansi pa tsiku lotulutsa zinyalala.