Miyezi 14 ndikugwiritsa ntchito Radeon RX 6600 kuno ku Kasungu

Kompyuta ya magemu yomwe ndinalumikiza ndekha yatha miyezi 14 ili ndi graphics card (khadi lopanga zithunzi za pa sikirini) ya Radeon RX 6600, ndipo popeza khadili laona kale fumbi la chilimwe, kutentha kwa Okutobala ndi ziphaliwali za dzinja, tsopano ndikhoza kunena za kudalirika kwake popanda kungopeka.

Ndisanagule, anzanga ankandilimbikitsa kutenga limodzi mwa makhadi akale otsika mtengo omwe anachuluka pamsika kuyambira mu Seputembala 2022, pomwe ndalama ya pa intaneti ya Ethereum inasiya kukumbidwa (kupangidwa pakompyuta) ndi makhadi otere. Ndinakana, chifukwa khadi lomwe lagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka limabwera mafani atatopa ndi thermal paste (phala lothandiza kuchotsa kutentha pa chipu) itauma, ndipo likafa palibe kokadandaula. Ndinatsala ndi makhadi awiri atsopano: GeForce RTX 3060 ya 12 GB, yomwe imadya mawati 170, ndi RX 6600 ya 8 GB, yomwe kampani ya AMD inatulutsa mu Okutobala 2021 ndipo imadya mawati 132 okha.

Kusiyana kwa mawati 38 kumaoneka kochepa papepala, koma m'nyumba momwe magetsi amathima mosachenjeza n'kwakukulu ndithu. Khadi losadya magetsi ambiri sililemetsa UPS (batire losunga kompyuta ili yoyaka kwa kanthawi magetsi akathima), choncho magetsi akathima ndili pakati pa Forza Horizon 5 ndimakhala ndi mpata wotseka gemu ndi kuzimitsa kompyuta bwinobwino. Silitenthanso kwambiri, zomwe ndinaziyamikira masana a Okutobala m'chipinda chofolera ndi malata. AMD imati power supply (chipangizo chogawa magetsi m'kompyuta) ya mawati 450 ndi yokwanira, koma ine ndinaika ya 550 yokhala ndi chizindikiro cha 80 Plus Bronze chosonyeza kuti siwononga magetsi ambiri, ndipo ndikukhulupirira kuti ndalama imeneyi ndiyo yateteza khadili kuposa china chilichonse. Kukachita bingu ndimazula pulagi, ngakhale UPS ilipo.

Vuto lomwe ndinakumana nalo linali fumbi. Pofika mu Seputembala mafani anayamba kulira mokweza, ndipo pulogalamu ya HWiNFO inkaonetsa kuti kutentha kwakwera poyerekeza ndi miyezi yoyamba. Nditatsegula ndinapeza fumbi lofiira litatseka timipata ta heatsink, chitsulo choziziritsa khadi. Ndinalichotsa ndi burashi yofewa ndi mpweya, nditagwira mafani ndi chala kuti asazungulire mopitirira, kenako ndinachotsa kompyuta pansi n'kuiika patebulo. Ndinatsitsanso voteji pang'ono mu pulogalamu ya AMD yotchedwa Adrenalin, ndipo phokoso linatha popanda magemu kuchepa liwiro moti n'kuzindikira. Amene angaone mafani ataima pomwe sakusewera asadandaule, chifukwa khadili linapangidwa kuti liziwaimitsa likakhala lozizira.

Pa 1080p, GTA V ndi EA Sports FC 24 zimayenda mosadodoma. Ray tracing, njira yoonetsera kuwala ndi zithunzithunzi ngati zenizeni, ndinaisiya sabata yoyamba chifukwa khadili silikwanitsa bwino, ndipo m'magemu atsopano memory ya 8 GB imayamba kuchepa, moti ndimatsitsa ma texture (kuoneka bwino kwa zinthu za m'gemu). Pamenepo pokha ndimakumbukira 12 GB ya RTX 3060 ija. Amene ali ndi motherboard ya PCIe 3.0 (mtundu wakale wa polowetsera khadi) adziwenso kuti khadili limagwiritsa ntchito mizere yodutsira deta 8 yokha m'malo mwa 16, choncho liwiro limatsikako pang'ono.

Mpaka lero silinazimepo lokha kapena kuonetsa timadontho tachilendo pa sikirini. Ndikalitsukanso mu Ogasiti, mphepo ya fumbi isanalimbe, ndipo thermal paste ndidzaisintha waranti ikadzatha.