Ndemanga: timagalimoto ndi timalole ta pa njanji yachitsanzo

Sitolo imene ndikuilembera ndemangayi ili ku Johannesburg, ndipo imagulitsa pa intaneti zipangizo za anthu omanga njanji zachitsanzo, zija za sitima zing'onozing'ono zoyendera magetsi pa thebulo. Ndinagulako timagalimoto ndi timalole ta mitundu itatu: tachitsulo ta Oxford Diecast ta muyeso wa 1:76, tapulasitiki ta Brekina ndi Wiking ta muyeso wa 1:87, komanso phukusi limodzi la timagalimoto totchipa topanda dzina la kampani, tomwe sitoloyo inalemba kuti ndi ta muyeso wa HO, lomwe ndi dzina la muyeso womwewo wa 1:87. Pa katundu wa mayina odziwikawo ndakhutira kwambiri ndipo ndidzagulakonso. Pa phukusi lotchipalo sindinakhutire, ndipo aliyense wofuna kuligula ayambe wawerenga zimene ndafotokoza m'munsimu.

Njanji yanga ndi ya HO, ndipo malo amene ndikumanga ndi otengera siteshoni ya Liwonde monga inkaonekera chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamodzi ndi kachigawo ka msewu wochokera kuno ku Zomba. Mzinda wathu ulibe njanji, choncho sitima yapafupi timakaiona ku Liwonde, pa njanji yochokera ku Nkaya kupita ku Nayuchi imene inatsegulidwa mu 1970 kuti dziko lino lizifika kudoko la Nacala. Zimenezi zili ndi tanthauzo pa nkhani ya timagalimoto. Alendo ambiri amene amabwera kudzaona thebulo langa sadziwa kutalika kwa mutu wa sitima kapena kwa bogi, kotero sitima ingakhale yolakwika bwanji iwo saona vuto. Koma aliyense wa iwo anakwerapo Land Rover ndi lole, ndipo kagalimoto kakakula mopyola muyeso amakazindikira asanafike n'komwe pafupi. Maso a munthu amayeza chilichonse cha pa thebulopo pogwiritsa ntchito galimoto ndi anthu, osati sitima.

Muyeso wa 1:87 umatanthauza kuti chinthu chenicheni chachepetsedwa ka 87. Galimoto yotalika mamita 4.5 imasanduka kagalimoto ka mamilimita 52 pa muyeso wa HO, mamilimita 59 pa muyeso wa 1:76 umene Angerezi amautcha OO, ndi mamilimita 70 pa muyeso wa 1:64, womwe ndi wa zidole zambiri za Hot Wheels ndi Matchbox. Munthu wamkulu wotalika mamita 1.7 amakhala wa mamilimita pafupifupi 20 pa HO. Amene ali ndi manambala amenewa m'mutu ndi lula m'thumba sangapusitsidwe ndi chithunzi, pakuti pa chithunzi cha pa foni timagalimoto tonse timaoneka tofanana kukula.

Ta Oxford Diecast ndito tandisangalatsa koposa. Ndinatenga Land Rover ya Series II, lole ya Bedford TK, Morris Minor ndi thalakitala ya Massey Ferguson 135. Thupi lake ndi lachitsulo, utoto wake ndi wosalala, nyali ndi mizere ya zitseko zimaoneka bwino, ndipo kalikonse kanabwera m'kabokosi koonekera mkati, katamangidwa pa kathabwa kapulasitiki, kotero kuti pa ulendo wonsewo palibe chimene chinathyoka kapena kukalika. Koma chimene chinandipangitsa kutisankha si kukongola. Choyamba, chiwongolero chake chili kudzanja lamanja, monga zilili galimoto za kuno kumene timayenda kumanzere kwa msewu. Chachiwiri, ndi mitundu imene inkayendadi m'misewu yathu. Zomba linali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo amene tinakula nthawi imeneyo kapena itangodutsa kumene timakumbukira Land Rover za boma za nambala yoyamba ndi MG ndi malole a Bedford odzaza matumba a chimanga, akukwera zitunda mochita kubuula. Kagalimoto ka mtundu woyenera kamauza woonera kuti ali ku Malawi ngakhale pasanaikidwe chikwangwani chilichonse.

Ndikudziwa kuti ena adzanena kuti 1:76 si 1:87, ndipo akunena zoona, chifukwa ta muyeso wa OO timaposa ta HO ndi gawo limodzi mwa magawo asanu ndi awiri. Mukaimika Land Rover ya 1:76 moyandikana ndi kagalimoto ka 1:87, kusiyanako kumaonekeratu. Komabe ine sindikuona kuti imeneyi ndi nkhani yosowetsa tulo, ndipo chifukwa changa chili pa njanji yeniyeniyo. Njanji ya HO ndi yotambalala mamilimita 16.5, kuimira njanji ya mamilimita 1,435 ya ku Ulaya ndi ku America, pamene njanji ya Malawi, monga ya Mozambique, Zambia ndi South Africa, ndi ya mamilimita 1,067 basi. Munthu wofuna kutsata muyeso ndendende pa 1:87 akuyenera kugwiritsa ntchito njanji ya mamilimita 12. Ndipo akafuna kusunga njanji ya mamilimita 16.5, ndiye kuti sitima, nyumba ndi galimoto zake zonse zikhale za 1:64, monga amachitira omanga ambiri a ku New Zealand, kumenenso njanji yawo ndi yopapatiza ngati yathu. Choncho aliyense womanga Malawi pa njanji ya HO wavomera kale kuphonya muyeso pa chinthu chachikulu kuposa zonse, ndipo kukana Bedford chifukwa cha mamilimita ochepa kungakhale kuumirira pachabe. Chofunika ndi kaikidwe kake. Ta 1:76 ndinatiika kutsogolo, pafupi ndi maso a woonera, ta 1:87 ndinatiika chapakati, pafupi ndi mabogi ndi nyumba ya siteshoni, ndipo sindilola kuti mitundu iwiriyi iime pamodzi pa malo amodzi oimika galimoto.

Ta Brekina ndi Wiking, omwe ndi makampani a ku Germany, ndi topepuka, ta muyeso weniweni wa HO, ndipo tizigawo take tating'ono tinaumbidwa mwaluso kwambiri. Ndinatenga Peugeot 404 ya Brekina, chifukwa galimoto imeneyi inali yotchuka mu Africa muno ndipo msewu wa nthawi imeneyo sungakhale wokwanira popanda iyo, ndi lole ya Mercedes-Benz ya mphuno yaifupi. Chiwongolero chake chili kumanzere, popeza tinapangidwira msika wa ku Ulaya, ndipo ndinadziwa zimenezi ndisanagule. Pa lole, yomwe galasi lake lakutsogolo ndi lalikulu, chiwongolerocho chimaoneka, motero ndinaiimika chafutambuyo pa malo otsitsira katundu, nkhope yake italoza kukhoma. Peugeot ija ndinangoiika pamsewu, ndipo mpaka lero palibe mlendo amene wafunsapo.

Phukusi lotchipa lija ndilo linandikhumudwitsa. Pa chithunzi timagalimoto take tinkaoneka tabwino, ndipo mtengo wa phukusi lonse unali wochepera wa Land Rover imodzi. Titafika ndinatiyeza ndi lula, ndipo tambiri tinali ta mamilimita pafupifupi 45, kusonyeza kuti muyeso wake uli cha ku 1:100, osati 1:87. Mkati mwake mulibe mipando kapena chiwongolero, magalasi ake ndi akuda, matayala ake ndi opyapyala ndipo ena anabwera atapindika, ndiponso mitundu yake ndi yowala monyanya, yofiira ndi yachikasu ngati maswiti a pa okala. Palibe kamodzi kamene munthu angakatchule dzina kuti aka ndi Toyota kapena aka ndi Datsun. Ndinalembera sitoloyo, ndipo anandiyankha mwaulemu komanso mosachedwa, kuti iwo anangokopera zimene wopanga analemba pa phukusi, ndipo kuti adzandibwezera ndalama ngati nditabweza katunduyo. Yankho lotere lingathandize munthu wa ku Pretoria, koma kwa wa ku Zomba ndalama yotumizira phukusilo ikuposa mtengo wake. Ndinawapempha kuti asinthe zimene analemba pa tsamba lawo ndi kuikapo kutalika kwake m'mamilimita, koma pamene ndikulemba ndemangayi mawu aja akadali momwemo. Apa ndiye pamene sitoloyi yataya ulemu wina kwa ine, chifukwa wogulitsa zinthu za muyeso ayenera kukhala ndi lula pa tebulo lake. Tiwiri titatu mwa timeneti ndinatipaka utoto wotuwa n'kutiika kumbuyo kwenikweni, kuseri kwa mitengo, kumene kuchepa kwake kumathandiza kuti msewu uoneke ngati ukupita kutali. Totsalato ndinapatsa ana a m'bale wanga, omwe anatisewera tsiku limodzi n'kubwerera ku galimoto zawo zamawaya, zomwe n'zolimba kuposa timeneti.

Pali zina zimene sitoloyi inalibe, ndipo zimenezi n'zimene msewu wa ku Malawi umazifuna kwambiri. Munalibe minibasi ya Toyota Hiace, munalibe pikapu yoti n'kuisandutsa matola, ndipo mabasi amene analipo anali a m'mizinda ya ku Ulaya, osafanana ndi mabasi a kampani ya United Transport Malawi (UTM) amene tinkakwera, aja okhala ndi malo a katundu padenga. Sindikuwaimba mlandu pa zimenezi, chifukwa opanga amatsata msika wa ku Ulaya ndi ku America. Amene akumanga malo a masiku ano, kumene pafupifupi galimoto iliyonse ndi yochokera ku Japan, angachite bwino kufufuza timagalimoto ta muyeso wa 1:80, umene anthu a ku Japan amagwiritsa ntchito pa njanji ya mamilimita 16.5. Muyeso umenewu uli pakati pa 1:76 ndi 1:87, ndipo kumenekonso amayenda kumanzere kwa msewu.

Njira ina yopezera malole ili pafupi kuposa Johannesburg. Pa milu ya zidole za kaunjika mumsika wa Zomba pamapezeka nthawi zina timagalimoto ta Matchbox takale. Kampani imeneyi inkapanga zidole zake kuti zikwane m'kabokosi kofanana, kotero kuti galimoto yaing'ono inkachepetsedwa pang'ono pamene lole yaikulu inkachepetsedwa kwambiri, ndipo pa tambiri muyeso wake unadindidwa kunsi. Zotsatira zake n'zakuti timagalimoto take tamipando inayi ndi tatikulu mopyola pa HO, koma timalole tina timayandikira muyeso woyenera. Kalole kotere kamafunika kusintha matayala ndi utoto, koma mtengo wake ndi wochepa kwambiri poyerekeza ndi koitanitsa kunja, ndipo mumakayeza musanalipire.

Pa katumizidwe, sitoloyi inachita bwino. Katundu anamuika m'katoni yolimba, kalikonse atakakulunga pakokha, ndipo risiti inali yolembedwa momveka bwino, zomwe zinathandiza pa nkhani ya msonkho. Iwo satumiza ku Malawi mwachindunji, choncho anapereka katoniyo kwa mmodzi wa anthu onyamula katundu pa mabasi a Johannesburg, ndipo ine ndinakaitenga ku Blantyre. Wogula awerengeretu zinthu zitatu pamwamba pa mtengo wa pa tsamba: ndalama ya wonyamula, msonkho wa katundu wolowa m'dziko, ndi mtengo wa randi pa tsiku lolipira. Chichokereni kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, chilichonse chogulidwa ndi ndalama zakunja chimapweteka m'thumba, ndipo kulipira pa khadi sikuyenda nthawi zonse. N'chifukwa chake ndikulangiza kuti munthu aitanitse zonse nthawi imodzi, ndipo ngati ali ndi mnzake wofuna katundu wina, agawane katoni.

Timagalimoto tatsopano timanyezimira kwambiri, ndipo galimoto yonyezimira choncho pa msewu wa Liwonde mu Okutobala kulibe. Ndinafufuta mayina a makampani a ku Britain amene anali pa zitseko za Bedford, ndinapaka vanishi wosanyezimira nditaphimba magalasi, kenako ndinapala choko chofiirira n'kupaka fumbi lake m'matayala ndi m'munsi mwa thupi ndi burashi yofewa. Manambala ndinasindikiza pa pepala, ena oyamba ndi ZA ndi ena ndi MG, n'kuwamata ndi guluu wa matabwa. Tachitsulo tinalandira utoto mosavuta. Tapulasitiki timafuna utoto wosungunula ndi madzi, chifukwa thina amadya pulasitiki, ndipo ndi bwino kuyesa kaye kunsi kwa kagalimoto.

Tonse tadutsa dzinja lathunthu pa thebulo, ndipo chinyezi cha kuno m'munsi mwa phiri, chomwe chimafewetsa nyumba zamakatoni ndi kudetsa njanji, sichinawononge utoto wa kagalimoto kalikonse. Fumbi ndilo limavuta m'chilimwe, makamaka pa madenga ndi m'mabodi a malole, ndipo ndimalichotsa ndi burashi youma, osati nsalu, kuopa kuthyola magalasi oonera kumbuyo. Popeza matayala a tachitsulo amagudubuzika, kagalimoto kamasuntha thebulo likagwedezeka, ndipo pa mphambano ya msewu ndi njanji kangathe kugwetsa sitima. Kadontho ka guluu wa matabwa kunsi kwa tayala limodzi kamakwanira kukagwira, ndipo mukafuna kukasamutsa mumangonyowetsa malowo ndi madzi pang'ono mpaka guluuyo afewe.