Ofesi yothandiza oyamba geni ija ya ku Area 3, ine ndapitako

Anthu angapo mwandifunsa ku inbox za ofesi ija imalengeza m'magulupu a WhatsApp kuti imathandiza oyamba bizinesi, ndiye ndangoti ndiyankhe kamodzi pano. Dzina sinditchula. Mwachidule, pitaniko ngati mukufuna kudziwa poyambira, koma ngati mtima uli pa loni musatayeko transipoti yanu.

Ine geni yanga ndi ya chiponde, mtedza ndimapikula ku Mgona nkumakazinga kunyumba ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo chomwe ndinkafuna nchoti mabotolo anga alowe m'mashopu osati kumangoyenda nawo m'maofesi. Mayi amene anandilandira, eeh, ntchito amaidziwa. Anandiyalira zonse mwa dongosolo, kuti dzina la bizinesi mukalembetsa kwa Registrar General, kenako TPIN, nambala ya msonkho, ku MRA ndipo imeneyo njaulere munthu asakudyereni ndalama panjira, kenako layisensi ya ku khonsolo ya mzinda, ndipo poti changa nchakudya a Malawi Bureau of Standards ayenera kuchiyeza kaye, mashopu akuluakulu amafuna chizindikiro cha MBS pa botolo. Anandichenjezanso za chuku, kuti mtedza wonyowetsedwa uja mavenda ena amauthira madzi kuti usweke bwino komanso ulemere pa sikelo ndi umene umagwetsa chiponde ku labu. Apa ndiye ndinaona kuti ndalama yanga yagwira ntchito.

Koma chimene chinandikomera zedi ndi masamu. Anatenga pepala nkuyamba kundifunsa chimodzichimodzi, botolo mumagula zingati, lebulo, makala, mayunitsi a magetsi, minibasi yopita mtauni ndi kubwera, mtedza umene mumataya posankha, ngakhale imene amadula potapa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mpaka kufika poti nanga inuyo mumadzilipira zingati. Zii. Ambirife timangoti bola ndagulitsa, mpamba ukutha osadziwa.

Tsopano zoipa zake. Business plan imene anandilembera, yomwenso ili ndi mtengo wakewake pambali, inali yongokopera basi, peji ina mpaka munatsalira mawu oti anapiye, ine wa chiponde. Nditadandaula anakonza inde koma mwaulesi, ndipo mnyamata wolemba uja foni sayankha mpaka upite wekha ukamuimirire pa desiki. Za loni ndiye amakometsa pakamwa kwambiri, pa flyer analemba kuti amakulumikizani ndi obwereketsa ndalama, kufika kumeneko angokuwerengera mayina, NEEF, ma SACCO, mabanki, nkukupatsa kapepala ka zofunika kutenga, zomwe ukanakafunsa wekha kwaulere ku maofesi amenewo. Kulumikiza kwake nkumeneko? Ine mpamba wowonjezera ndinakautenga ku banki mkhonde ya amayi akutchalitchi kwathu.

Malo ake ndi opanikizika, mipando yochepa, ndipo Lolemba kumadzadza, bola kupita chakum'mawa mkati mwa sabata. Lisiti amapereka ukachita kuipempha, ndiye muziipempha.

Pa nyenyezi 5 ndikuwapatsa 3, ndipo zonsezo nza mayi aja. Mukapita lipirani zokambirana zokha, mutenge kope lanu la malonda ngakhale likhale lothimbirira bwanji, plan mukalembe nokha kunyumba nkungowapititsira kuti akayione.